Kodi mawu oti "kuba n'koipa" angakhale oona kapena abodza? Kuyerekeza mayankho a afilosofi

Tengani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: phiri la Mulanje ndi lalitali kuposa la Zomba. Chachiwiri: kuba mankhwala m'chipatala n'koipa. Zonse zimamveka ngati zikunena chinthu chimene chilipodi, ndipo zonse munthu atha kuziyankha kuti "n'zoona zimenezo." Koma wina atatsutsa choyambacho, mkangano sungapite patali. Nsonga ya Sapitwa, pamwamba pa Mulanje, ili pa mamita 3,002, pamene phiri la Zomba langodutsa pang'ono mamita 2,000, basi nkhani yathera pomwepo. Nanga atatsutsa chachiwiricho, timuonetsa chiyani? Titha kumuonetsa mashelefu opanda kanthu, odwala malungo akubwezedwa chimanjamanja, mankhwala omwewo akugulitsidwa pamsika. Iye n'kuvomera zonsezo, kenako n'kunena kuti, "Zonsezi ndaziona, koma kuipako sindinakuone."

Munthu wotere tingamutche wamakani, komabe funso lake ndi lakale ndithu. David Hume wa ku Scotland analifunsa m'buku lake lotuluka mu 1739 ndi 1740. Iye anati mutenge kupha munthu mwadala, mukusanthule mbali zonse. Mupezamo zolinga, mkwiyo, maganizo ndi zochita, koma kuipa simukupeza kufikira mutayang'ana mumtima mwanu momwe. Anaonanso kuti olemba za makhalidwe amayamba ndi kunena mmene zinthu zilili, kenako mwadzidzidzi n'kulumphira pa mmene zinthu ziyenera kukhalira, osafotokoza kuti awoloka bwanji.

Tisasokoneze apa. Afilosofi onse amene titchule m'munsimu sakukangana zoti kuba n'kwabwino. Palibe mwa iwo akanasekerera ataberedwa. Akukangana za chimene munthu amakhala akuchita akamanena kuti "n'koipa": kodi akufotokoza chinthu choona, akutulutsa zakukhosi, akulamula, kapena akungolakwitsa? Poyeza mayankho awo ine ndimayang'ana ngati yankholo likutha kufotokoza chifukwa chimene timakanganira ngati kuti wina akulondola, ngati likusiya malo oti munthu kapena mtundu wonse unene kuti "tinkalakwa", komanso zimene likutiumiriza kukhulupirira kuti zilipo padzikoli.

Oti choonadi chilipo ndithu

Yankho loyamba, limene m'mabuku amalitcha moral realism, ndi limene anthu ambiri amayenda nalo osadziwa n'komwe. Limati mawu a makhalidwe ndi oona kapena abodza, ena mwa iwo ndi oonadi, ndipo kuona kwawo sikudalira zimene ine kapena mudzi wanga ukuganiza.

G. E. Moore wa ku Cambridge analiikira kumbuyo mu 1903 m'buku lake Principia Ethica, ngakhale anachita izi m'njira imene inadzapatsa adani ake chida. Iye anati ubwino sungamasuliridwe ndi chinthu china chilichonse cha m'chilengedwe. Wina akati ubwino ndi chisangalalo basi, munthu wanzeru zake athabe kufunsa kuti, "Chabwino, izi zikusangalatsa anthu, koma kodi n'zabwino?" ndipo funsolo silimveka lopusa. Kukanakhala kuti ziwirizi n'chinthu chimodzi, funsolo likanakhala lopanda mutu. Choncho Moore anati ubwino uli pawokha, wosagawika, monga mtundu wachikasu umene sungaufotokozere munthu amene sanauonepo, ndipo timauzindikira mwa kungouona ndi maganizo.

Mphamvu ya njira iyi ndi yoti ikugwirizana ndi mmene timalankhulira. Tikamati malonda a akapolo anali oipa, sitikutanthauza kuti masiku ano sakutikomera chabe. Tikutanthauza kuti anali oipa ngakhale pa nthawi imene anthu ambiri ankawaona ngati malonda wamba. Koma mtengo wake ndi wokwera. Ubwino wosaoneka, wosayezeka, uli kuti? Ndipo anthu awiri oona mtima akaona zosiyana ndi maganizo awowo, woweruza ndani?

Ena a mbali yomweyi anayesa kutsitsa mtengowo. M'zaka za m'ma 1980, Richard Boyd ndi Nicholas Sturgeon a ku yunivesite ya Cornell anati Moore anafulumira. Anthu anamwa madzi zaka zikwi zambiri asakudziwa kuti ndi H2O, ndipo kufunsa ngati madzi alidi H2O sikunali kopusa, koma yankho lake linapezeka kuti inde. Mwina ubwino nawo ndi chinthu cha m'chilengedwe, chokhudza zimene zimasamalira moyo wa anthu, chimene tikuchitulukirabe pang'onopang'ono.

Owerenga ambiri opemphera anena kuti yankho n'lapafupi: choipa ndi chimene Mulungu waletsa. Iyi ndi njira yolemekezeka, ndipo imapatsadi mawu a makhalidwe poimira. Koma iyenera kukumana ndi funso limene Plato, wafilosofi wakale wachigiriki, anaika m'kamwa mwa mphunzitsi wake Socrates pokambirana ndi munthu wina wotchedwa Euthyphro: kodi chinthu n'chabwino chifukwa milungu yachikonda, kapena yachikonda chifukwa n'chabwino kale? Mukasankha choyamba, ndiye kuti nkhanza zikanalamulidwa zikanakhala zabwino. Mukasankha chachiwiri, ubwino uli ndi maziko ena osati lamulolo. Akatswiri a zaumulungu ambiri amayankha kuti ubwino ndi khalidwe la Mulungu mwini, choncho sangalamule nkhanza. Kaya yankholo lathetsa funso kapena langolisuntha, akukanganabe.

Oti ndi kutsonya ndi nthungululu

Mu 1936 mnyamata wa zaka 25 wa ku Oxford, A. J. Ayer, anatulutsa buku lotchedwa Language, Truth and Logic. Anali atakhalako ku Vienna, komwe anamvetsera kagulu ka akatswiri kamene kankati chiganizo chili ndi tanthauzo pokhapokha ngati chingatsimikizidwe ndi zimene timaona ndi kuyeza, kapena ngati chili choona chifukwa cha matanthauzo a mawu ake okha. Mawu a makhalidwe sakwana mbali iliyonse mwa ziwirizi. Ayer anavomerezana ndi Moore kuti ubwino sungamasuliridwe ndi za m'chilengedwe, koma anati chifukwa chake n'choti palibe choti n'kumasulira.

Malinga ndi iye, ukauza munthu kuti "unalakwa kuba ndalama zija", palibe chimene wawonjezera pa mawu oti "unaba ndalama zija" kupatula kuipidwa kwako. Zili ngati wanena kuti "unaba ndalama zija" kenako n'kutsonya. Ukati "kuthandiza amasiye n'kwabwino", waimba nthungululu. Ndipo kutsonya sikukhala koona kapena kwabodza, palibe amene amayankha nthungululu kuti "ukunama." Njira iyi imatchedwa emotivism. Dziwani kuti Ayer sakunena kuti "n'koipa" atanthauza "ine sindikukonda", chifukwa amenewo akanakhala mawu oona kapena abodza onena za ine. Akuti mawuwo amatulutsa kuipidwako, saufotokoza.

Musaipeputse njirayi. Ikufotokoza chinthu chimene oti choonadi chilipo amavutika nacho. Munthu atha kudziwa kutalika kwa Sapitwa koma osakhudzika mpang'ono pomwe. Koma munthu wonena kuti kumenya mkazi n'koipa, pamene iye alibe ngakhale kamtima kofuna kuleka kapena kuchita manyazi, timamukayikira ngati akunenadi zochokera pansi pa mtima. Mawu a makhalidwe amakoka munthu kuti achite kanthu. Ngati ali kutulutsa zakukhosi, kukokako n'kosadabwitsa.

Charles Stevenson wa ku America anaisalaza njirayi mu 1937 ndi 1944. Anasiyanitsa kusagwirizana pa zimene tikukhulupirira kuti zinachitika ndi kusagwirizana pa zimene mitima yathu ikufuna, ndipo anati mawu a makhalidwe cholinga chawo ndi kukopa mnzako kuti amve mmene iwe ukumvera. R. M. Hare, amene anagwidwa ndi asilikali a Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kukagwira ntchito yakalavulagaga pa njanji ya Burma, anaona kuti kukopa kokha sikukwanira, pakuti wofalitsa mabodza nayenso amakopa. Mu 1952 iye anati mawu a makhalidwe ali ngati malamulo okhudza aliyense: ndikati "usabe", ndadzimanga ndekha kuti aliyense wokhala pamalo ngati amenewa asabe, kuphatikizapo ine. Apa nzeru zapeza polowera, chifukwa munthu atha kugwidwa akudzitsutsa.

Koma pali mwala umene onsewa amapunthwapo, ndipo m'pofunika kuuyang'anitsitsa. Anauika panjira ndi Peter Geach, m'zolemba zake za mu 1960 ndi 1965, potengera mfundo ya Gottlob Frege wa ku Germany. Chitsanzo chake chinali cha kuzunza mphaka. Ife titenge cha kuba chomwechi. Tamvani mfundo zitatu izi. Kuba n'koipa. Ngati kuba n'koipa, kutuma mwana kuti akabe n'koipanso. Choncho kutuma mwana kuti akabe n'koipa. Aliyense aona kuti wovomera ziwiri zoyambazo sangathawe yachitatu. Tsopano yang'anani yachiwiriyo. Munthu wonena kuti "ngati kuba n'koipa" sakutsonya ayi. Ngakhale wakuba weniweni, amene saona vuto ndi ntchito yakeyo, atha kuvomera chiganizo chimenechi ndi mtima woyera, chifukwa changoti "ngati". Ndiye kuti, pa njira ya Ayer, mawu oti "kuba n'koipa" ali ndi tanthauzo lina mu mfundo yoyamba, momwe ali kutsonya, ndi lina mu yachiwiri, momwe mulibe kutsonya. Mawu akasintha tanthauzo pakati pa njira, mfundo yomaliza sitsatira. Komatu tonse tikuona kuti ikutsatira.

Vutoli silili pa "ngati" pokha. Timafunsa kuti "kodi kunama pofuna kupulumutsa moyo n'koipa?" Timati "sindikudziwa ngati ndinachita bwino." Timati "ndinkaganiza kuti n'zabwino koma ndinkadzinamiza." Munthu sadzifunsa ngati kutsonya kwake kuli kolondola m'lingaliro lotere, ndipo sagona maso usiku wonse kusinkhasinkha za nthungululu.

Simon Blackburn mu 1984 ndi Allan Gibbard mu 1990 anayesa kukonza zimenezi. Blackburn anati chiganizo cha "ngati" chija chimatulutsa kuipidwa ndi mtima wa munthu amene amadana ndi kuba koma sadana ndi kutuma mwana. Anapitirira n'kunena kuti tikayamba ndi zakukhosi zokha, titha kufika poyenera kunena kuti "n'zoona kuti kuba n'koipa", ngakhalenso kuti "kukanakhala koipa ngakhale tonse tikanakukonda", popanda kukhulupirira za ubwino wobisika wa Moore uja. Anaitcha njira yake quasi-realism. Ndi ntchito yaluso, ndipo amene akufuna kusunga kalankhulidwe kathu konse popanda kuwonjezera zinthu zachilendo padziko apeza pano pokhala. Chondivuta ine n'choti akamapambana kwambiri, m'pamenenso kumavuta kuona kuti akusiyana pati ndi anthu amene ankawatsutsa aja. Komanso kudzitsutsa m'mfundo ndi kukhala ndi mtima wosakhazikika ndi zolakwa ziwiri zosiyana; Geach ankafunsa za choyambacho.

Oti tonse tikulakwitsa

J. L. Mackie, wochokera ku Australia koma wophunzitsa ku Oxford, anatsegula mutu woyamba wa buku lake la mu 1977 ndi kunena mosapsatira kuti kulibe ubwino kapena kuipa kokhala pakokha kunja kwa maganizo a anthu. Koma sanatsate Ayer. Iye anati anthu akamanena kuti kuba n'koipa amakhaladi akufuna kunena choonadi, monga mmene oti choonadi chilipo amanenera, kungoti chimene akulozacho kulibe. Choncho mawu onse otere ndi abodza, monga mmene munthu wosakhulupirira Mulungu amaonera mawu a opemphera: ali ndi tanthauzo, koma sakulondola. Iyi ndiyo error theory.

Anapereka zifukwa ziwiri. Choyamba, mitundu ya anthu imasiyana kwambiri pa za makhalidwe, ndipo n'kosavuta kufotokoza zimenezi ponena kuti anthu amavomereza moyo umene anakuliramo, kusiyana n'kunena kuti ena amaona bwino choonadi pamene ena ali ndi ng'ala. Chitsanzo chake chinali cha ukwati wa mkazi mmodzi: anthu amauyamikira chifukwa ndi umene akukhalamo. Chachiwiri, ubwino woterewu ukanakhalapo ukanakhala chinthu chodabwitsa kuposa china chilichonse: chinthu chimene kungochidziwa kokha kumakulamula, kaya ukufuna kaya sukufuna.

Ndimamulemekeza Mackie chifukwa sanakhotetse mawu a anthu kuti agwirizane ndi chiphunzitso chake, ndipo vuto la Geach silimukhudza. Koma taonani zimene muyenera kumeza: kuti mawu oti "kuwotcha mwana ndi moto pofuna kuseka n'koipa" si oona. Funso n'lakuti, kodi mukutsimikiza chiti kwambiri, kuipa kwa mchitidwewo kapena mfundo za Mackie zonena za zinthu zodabwitsa? Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amakhulupirira choyambacho kuposa mfundo iliyonse ya m'kalasi. Ndipo Mackie mwini, atatha kugwetsa zonse, anathera mbali yaikulu ya buku lomwelo kukambirana makhalidwe amene tiyenera kudzipangira.

Oti zimatengera kwanu

Njira iyi ndi imene imamveka kwambiri m'macheza: "kwanu n'kwanu, kwathu n'kwathu." Imati mawu a makhalidwe ndi oona kapena abodza, koma molingana ndi mwambo wa anthu ake. Herodotus, wolemba mbiri wakale wachigiriki, analemba za mfumu Darius ya ku Persia, imene inafunsa Agiriki kuti angalandire ndalama zingati kuti adye mitembo ya atate awo. Iwo anati ngakhale zingati sangatero. Kenako inafunsa anthu ena a ku India, amene mwambo wawo unali kudya makolo awo akamwalira, kuti angalandire zingati kuti awatenthe monga ankachitira Agiriki. Iwo anakuwa kuti mfumu isatchule zonyansa zotero. Gilbert Harman wa ku Princeton anaiteteza njirayi mwaukatswiri mu 1975, ponena kuti makhalidwe amachokera pa mgwirizano umene anthu amakhala nawo ngakhale osaulemba.

Ili ndi kukoma kwake, makamaka kwa anthu amene anauzidwapo ndi alendo kuti magule awo, mayina awo ndi miyambo yawo yonse n'zachikunja. Koma mwa njira zonse, iyi ndi imene ndimaiona yofooka, ndipo chitsanzo chili pafupi. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazikitsa lamulo loika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu February 2017 inasintha malamulo aakulu a dziko kuchotsa mpata umene unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika dziko lonse pothetsa maukwati a ana m'dera lake ndi kubwezera atsikana kusukulu. Ngati choona ndi chimene mwambo wavomereza, ndiye kuti tsiku loyamba limene munthu wa m'mudzi anaima n'kunena kuti kukwatitsa mwana n'kulakwa, iyeyo ndiye anali wabodza, ndipo anasanduka woona pokhapokha anthu ambiri atamutsatira. Palibe amakhulupirira zimenezo. Onaninso kuti wotsutsayo sanali mlendo. Anali mwini mwambo.

Ndipo nkhani ya Darius ija ikaunikidwa bwino imatembenuka. Agiriki ndi Amwenye aja ankasiyana pa kachitidwe, koma onse ankafuna kulemekeza akufa awo. Kwasi Wiredu wa ku Ghana, m'buku lake la mu 1996, anaumirira pa kusiyanitsa mwambo ndi khalidwe lenileni. Malonje, kaikidwe ka maliro ndi kayendetsedwe ka ukwati zimasiyana malo ndi malo, koma kudziika m'malo mwa mnzako pomuchitira kanthu n'kofunika kulikonse kumene anthu akufuna kukhalira limodzi.

Nanga munthu atsate iti?

Mu 2009 David Bourget ndi David Chalmers anafunsa aphunzitsi a filosofi 931 a m'mayunivesite otchuka, ambiri mwa iwo a m'mayiko olankhula Chingerezi. Pafupifupi 66 pa 100 alionse anati mawu a makhalidwe atha kukhala oona kapena abodza, pamene 17 pa 100 anakana. Pa funso loti choonadicho chilipodi pachokha, 56 pa 100 anavomera ndipo 28 pa 100 anakana. Kuwerenga manja sikuthetsa nkhani ya mtundu uwu, koma kukusonyeza kuti maganizo a Ayer, amene pa nthawi ina ankaoneka ngati ndiwo a munthu wotsogola, anabwerera m'mbuyo. Philippa Foot, mmodzi mwa amene anawabweza, ankanena kuti zithunzi za m'misasa yophera anthu ya chipani cha Nazi cha ku Germany zimene zinatuluka mu 1945 ndizo zinamuchititsa kukana zoti pakati pa iye ndi opha anthu aja panali kusiyana kwa zokonda chabe.

Ine ndimapendekera kwa oti choonadi chilipo, ndipo chondikokera ndi mawu aja oti "tinkalakwa". Munthu amene chimamuvuta kwambiri ndi kukhulupirira zinthu zosayezeka apite kwa Blackburn, osati kwa Ayer, chifukwa Ayer sanasiye poyankhira Geach. Wolimba mtima wofuna kutsata kukayika mpaka kumapeto apite kwa Mackie, koma adziwiretu zimene akukasaina.

Mbali yangayi nayo ili ndi ngongole imene sinabwezebe. Mu 2006 Sharon Street anafunsa motere: mitima yathu inaumbidwa ndi zimene zinathandiza makolo athu akalekale kupulumuka ndi kubereka, n'chifukwa chake timakonda ana athu, timabwezera zabwino kwa otichitira zabwino, timadana ndi achinyengo. Ngati choonadi cha makhalidwe chili pachokha, chosadalira ife, zinatheka bwanji kuti zimene zinatipulumutsa zikhale zomwezonso zimene zili zoona? Mukati zinangochitika mwamwayi, mwayiwo ndi waukulu mokayikitsa. Mukati makolo athu anapulumuka chifukwa ankaona choonadicho, wasayansi akuyankhani kuti kusamalira ana kumapulumutsa mtundu kaya n'kwabwinodi kaya ayi. Derek Parfit, amene mu 2011 anatulutsa mabuku awiri akuluakulu oteteza zoti choonadi chilipo, anayankha kuti luso lathu la masamu nalonso linachokera komweko, koma sititaya masamu chifukwa cha zimenezo. Otsatira Street amati kufananitsako sikukwana: kholo limene linkalakwitsa kuwerenga mikango imene yalowa m'tchire ndi imene yatulukamo linkadyedwa, pamene kulakwitsa pa za ubwino wa Moore uja sikunadyetse munthu aliyense kwa mkango.